Belu Lokulungidwa M'nsanza

Uthenga unalowa pa foni Raihana ali pa makina, akusoka malamba ofiirira amene ana asukulu anayenera kudzavala pa tsiku lolakatula ndakatulo. Anaponda kaye mpaka msoko unafika kumapeto, kenaka n'kutenga foniyo.

"Amalume ayankha chiyani? Ankhoswe anga abwere liti?"

Anali Kasim, mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu yomweyo, yaing'ono ya sekondale, ku Umbilo mu mzinda wa Durban. Kwawo kunali ku Mangochi ngati Raihana, koma iye anaphunzira ku Zomba asanadzapeze ntchito ku Durban. Ankaphunzitsa ndakatulo zakale za Angerezi, zolembedwa ndi anthu amene mafupa awo anaola kalekale, ndipo ankazikonda moti tiyi ankamuzizirira m'kapu. Awiriwa anadziwana tsiku limene Kasim anabweretsa jekete yong'ambika thumba kuti isokedwe. Chimene chinang'amba thumbalo chinali buku.

Raihana analemba mawu awiri okha: "Ati asabwere."

"Chifukwa?"

"Chifukwacho mukuchidziwa, aphunzitsi."

Foni inayamba kulira. Raihana anangoiyang'ana ikunjenjemera pa tebulo.

"Tayankha mwana iwe," anatero azakhali ake a Maimuna, akazi a malume ake, amene ankasita malamba otha kusoka. "Foni ikuvina ngati yalumidwa ndi linthumbu."

"Aisiye ivine. Woimbayo nayenso sayankha anthu akamulankhula."

Nkhani yake inali yotere. Chichitikireni chipwirikiti cha mwezi wa Epulo, pamene alendo ankathamangitsidwa m'misewu, Amalawi ambiri anaphunzira kumeza Chichewa akatuluka m'nyumba. Koma osati Che Shamsudin, malume ake a Raihana, amene ankamusunga mu fulati yawo. Tsiku lina m'mawa pa Warwick Junction, pa mzere wodikira takisi, mkuluyo anaona Kasim n'kukweza mawu ngati ali pa msika wa kwawo: "Aphunzitsi! Mwadzuka bwanji?"

Kasim anaona anyamata ena atatembenuka. "Good morning, sir," anatero, n'kuyang'ana kumbali ngati wapatsidwa moni ndi munthu wosokonekera.

Tsoka lake, Harun anali pomwepo akupakira katundu wa amayi amalonda mu baki yake, kagalimoto konyamulira katundu. Harun anali atafunsira kale Raihana n'kukanidwa, ndipo nkhani ya moniyo sanaigoneke. Pofika Lachisanu, aliyense wotuluka mu mzikiti anali ataimva.

*

Anakumana Lamlungu masana m'mphepete mwa nyanja, cha ku Point. A Maimuna anakhala pa benchi lapatali pang'ono, akudya chinangwa chokazinga chimene anatenga kunyumba, diso limodzi lili pa sitima zodikira kulowa padoko, lina pa awiriwo.

"Ndinkawateteza," anatero Kasim. "Iwe sunawaone anyamata aja. Ndikanayankha m'Chichewa, bwenzi titatuluka pamenepo bwanji?"

"Amalume anagona mu tenti ya othawa chipwirikiti ku Isipingo, a Kasim. Benchi lawo la malonda linaphwanyidwa iwo akuona. Mukuganiza kuti anyamata aja sanawaone? Atatuluka mu tenti muja ananena kuti andilanda katundu, koma moni wokha sandilanda. Ndiye munthu woyamba kuwalanda moniwo wakhala inu."

"Eish, Raihana."

"Musandiuze eish. Ati munthu wochita manyazi ndi moni wa mkulu adzachitanso manyazi ndi mkazi wake. Ati mwezi ukatha ndikwere basi ya amayi amalonda, ndibwerere ku Mangochi."

Kasim anaima chilili. Kenaka, monga ankachitira nthawi zonse zinthu zikamukulira, dzanja linapita m'thumba lomwe Raihana anasoka lija.

"Musatulutse buku," anatero Raihana.

"Sinditulutsa. Ndakatuloyi ili m'mutu. Ndi imene ndidzalakatule ineyo pa tsiku lija, ana akadzatha. Tamvera, ikunena za ife."

Raihana anapinda manja, koma sanachoke. Ichi ndi chimene chinamukopa poyamba: Kasim akayamba kunena za ndakatulo, nkhope yake inkawala ngati ya munthu wolandira alendo akwawo.

"Ili ndi mizere khumi ndi inayi," anayamba Kasim. "Alakatuli akale ankaikonda nyumba yaing'ono imeneyi. Mulibe malo otayira mawu. Mzere uliwonse umagunda ngati mtima, pang'ono kenaka mwamphamvu, pang'ono kenaka mwamphamvu. Ika dzanja pachifuwa umve. Ndipo mawu akumapeto kwa mizere amayankhana, wina akaitana uku, wina avomera uko."

"Nanga ikunena chiyani?"

"Munthu wina anasula belu lokongola. Ndiye akulinyamula pa ngolo kupita nalo kutali, kudutsa m'nkhalango ya achifwamba. Walikulunga m'nsanza ndi udzu, lilime lake walimanga, kuti lisalire panjira achifwamba angamve. Mizere isanu ndi itatu yoyamba mlakatuli akutamanda nzeru za munthu ameneyu. Akuti wokonda chinthu amachibisa. Waona? Si mantha. Ndi chikondi."

"Mwati mizere ndi khumi ndi inayi."

"Eya."

"Yotsalayo ikuti chiyani?"

Chaka ndi chaka Kasim ankauza ana ake m'kalasi kuti ndakatulo yamtundu umenewu imakhota pa mzere wachisanu ndi chinayi, ndipo wowerenga wofika pamenepo n'kuima ali ngati munthu wotsika takisi isanafike. Ankadziwa bwino lomwe chimene chinali kuseri kwa kona imeneyo.

"Ndi yovuta kuimasulira," anatero.

Raihana anaseka, koma maso ake anali atadzaza misozi. "Inu? Mawu kukuvutani? Chabwino. Mukadzaimasulira mudzandiuze, ngati ndidzakhale ndisanakwere basi."

Anapita kukawadzutsa a Maimuna pa benchi. Mayiwo podutsa pafupi ndi Kasim anamupatsa kachidutswa ka chinangwa. "Idyani aphunzitsi," anatero. "Kapena ndinene m'Chingerezi kuti mumve?"

*

Harun anafika ku fulati Lachinayi madzulo, atanyamula bokosi la zipatso za tende ndi nsalu ya buluu yonyezimira. Anavula nsapato pakhomo, anapereka salamu mokweza kuti ndi oyandikana nawo omwe amve, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a Che Shamsudin ngakhale mpando unalipo.

"Tende uyu ndi wa amalume. Nsaluyi ndi ya achemwali, akavale pa ulendo."

"Zikomo, Che Harun," anatero Raihana osadzutsa mutu pa makina. "Nsalu ndili nazo zambiri. Ndimasoka."

"Zimenezo ndi za eni ake. Iyi ndi yanu." Harun analoza mulu wa malamba ofiirira. "Nanga izi ndiye za mzungu wathu uja? Amalume, ndamva kuti Loweruka kuli gule kumeneko. Akuti munthu wamkulu ndi ndevu zake amaima kutsogolo n'kumalira chifukwa cha maluwa ndi mbalame za ku Mangalande. Mbalame zoti sanazionepo!"

Che Shamsudin sanaseke. Anali munthu wamtali, wa ndevu zaimvi zometa bwino, ndipo chichitikireni nkhani ya pa Warwick dzina la Kasim sankalitchula.

"Ntchito tinalandira, tiipereka," anatero. "Zikatero tathana nawo."

Apa Raihana anaimitsa makina. "Amalume, ahedi a pasukulupo anati malamba akaperekedwe ndi inuyo, mwini shopu yosokayi, Loweruka m'mawa. Ine ndekha sindingathe kusenza, komanso anawo ndiyenera kuwayesa."

"Baki ilipo!" anatero Harun msangamsanga. "Sharp, ndikutengani nonse. Inenso ndikufuna ndikaone mmene amalirira."

Harun atapita, Raihana analembera Kasim: "Amalume akubwera Loweruka. Che Harun nawonso. Sindinakupempheni kanthu, ndangokuuzani."

Yankho linachedwa. Litabwera linali lalifupi kuposa mauthenga onse amene Kasim anamutumizirapo: "Ndamva."

*

Holo ya sukulu inadzaza. Makolo anali a mitundu yonse, Azulu ambiri, Amwenye, ndi ena amene ankangomwetulira osatsegula pakamwa. Mwambo usanayambe, ahedi anamukokera Kasim pambali. Anali mayi wabwino mtima, ndipo pa nthawi ya chipwirikiti ankamutenga pa galimoto yawo kuti asakwere takisi.

"Lero Chingerezi chokhachokha, a K," anatero m'Chingerezi. Pasukulupo aliyense ankamuitana ndi chilembo choyamba cha dzina lake, ndipo makolo ambiri sankadziwa kumene anachokera. "Mitima ya anthu sinakhazikike. Tisapatse munthu chonena."

Kasim anangogwedeza mutu.

Ana anakwera mmodzimmodzi atavala malamba a Raihana. Lamulo la Kasim linali lodziwika: ndakatulo siiwerengedwa munthu atakhala pansi, ndipo siinong'onezedwa. Umaima, umatchula dzina lako, umayang'ana munthu wakumbuyo kwenikweni, n'kulankhula kuti iyeyo amve. Ana amene ankachita chibwibwi poyankha mafunso m'kalasi, lero mawu akalekale aja ankatuluka m'kamwa mwawo ngati awo. Raihana, ali kumbuyo pakati pa a Maimuna ndi amalume ake, anamva mtima ukufufuma. Anaika dzanja pachifuwa mobisa. Zinalidi zoona: pang'ono kenaka mwamphamvu.

"Akutukwana kapena akupemphera?" Harun ananong'oneza.

Pomaliza Kasim anakwera yekha, atavala jekete ija. Analibe pepala m'manja. Anayamba motsitsa, mawu ake akuyenda ngati ngolo yolemedwa, ndipo ngakhale amene Chingerezi chakalecho chinkawapita pambali anamva kuti pali munthu amene akuyenda mosamala, akuopa kanthu. Holo yonse inati zii.

Ali pa mzere wachisanu ndi chitatu, anachita zimene ankaphunzitsa ana: anayang'ana munthu wakumbuyo kwenikweni. Munthuyo anali Che Shamsudin, ndipo anali ataimirira, akukonza chisoti chawo kuti azituluka.

Kasim anamaliza mzerewo n'kukhala chete.

Ahedi anaganiza kuti waiwala, anayamba kufufuza pa mapepala awo. Harun anagunda a Maimuna ndi chigongono. "Mafuta atha," anatero.

Koma Kasim anatsika pa nsanja. Anayenda pakati pa mipando, nsapato zake zikumveka, mitu yonse ikutembenuka kumutsatira. Atafika kumbuyo anapinda mawondo, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, n'kukweza mawu mofanana ndi mmene ankalakatulira.

"Asalamu aleikumu, amalume. Munandipatsa moni pa Warwick, ine sindinaubweze. Ndadzuka bwino, kaya inu mwadzuka bwanji? Nanga kunyumba adzuka bwanji?"

Che Shamsudin anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali.

"Waleikumu salamu," anatero mkuluyo pomaliza, n'kuligwira. "Tadzuka. Mwachedwatu kuyankha, aphunzitsi."

"Ndachedwa, amalume. Ndikupempha mukhale pansi pang'ono. Kwatsala mizere isanu ndi umodzi, ndipo ndikufuna muimve inuyo poyamba."

Anatembenukira ku holo. M'Chingerezi anauza makolo kuti dzina lake ndi Kasim, kwawo ndi ku Mangochi m'dziko la Malawi, ndipo amene waimirirawa ndi kholo lake. Kwinakwake kunamveka kung'ung'udza. Bambo wina anadzuka, anagwira mwana wake pa mkono n'kutuluka, chitseko n'kuchimenyetsa. Kasim anadikira mpaka phokosolo litatha, kenaka n'kubwerera ku Chichewa.

"Amalume, ndakatuloyi analemba ndi Mngerezi wina amene anamwalira agogo a agogo athu asanabadwe. Akunena za munthu amene anakulunga belu m'nsanza kuti achifwamba asalimve. Poyamba akumutamanda. Koma apa pamene ndinaima, mlakatuli akutembenuka. Akuti munthu uja anafika bwino kumene ankapita, koma mantha anali atamulowa, moti nsanza zija sanazimasule. Analipachika belulo lili chikulungire. Moto utabuka m'mudzimo, anthu anakoka chingwe, koma belu silinalire. Mzere womaliza akufunsa kuti, kodi chimene anapulumutsa panjira paja chinali belu, kapena chitsulo chabe? Ine ndaiphunzitsa ndakatulo imeneyi zaka zambiri. Ndimaidziwa pamene imagunda, ndimadziwa mawu amene amayankhana. Koma amene amaikhala tsiku ndi tsiku ndinu."

Asanamalize bwino, pakati pa holo panamveka mawu a mayi wina amene chiyambire mwambo anali asanayankhule: "Zoona zimenezo, achimwene!" Kumanzere bambo wina wovala yunifolomu ya ulonda anati, "Pitirizani, aphunzitsi, tikumva!" Anthu amene ana awo ankaphunzira kalasi imodzi, amene ankapatsana moni wa Chizulu wa yebo pa geti, anayang'anana modabwa. A Maimuna analephera kudzigwira, nthungululu inawapulumuka.

Kasim anabwerera pa nsanja n'kulakatula mizere yotsalayo m'Chingerezi chake chakale, mawu atamasuka, ndipo pa funso lomaliza lija holo inaomba m'manja. Gogo wina wa Chizulu wa kutsogolo ndi amene anayamba kuimirira. Ahedi anaomba nawo, ngakhale maso awo anali pa chitseko chimene bambo uja anatulukira.

Raihana sanaombe. Anangokhala, mutu uli m'mwamba, misozi ikutsika osaipukuta, akuyang'ana amayi oyandikana nawo ngati akuti: mwamuona? Ameneyo ndi wanga.

*

Kunja, pansi pa mtengo wa pafupi ndi geti, Che Shamsudin anadikira mpaka makolo atatha kumugwira chanza Kasim.

"Mngerezi wanuyo," anatero, "anali ndi nzeru. Anali Msilamu?"

"Ayi, amalume."

"Chabwino, si mlandu wake." Anakhosomola. "Ankhoswe anuwo abwere. Koma adzalankhule chinenero choti ndimve."

Raihana anabisa nkhope pa phewa la a Maimuna.

"Koma ndiye zokoma," anatero Harun, atatsamira baki yake, akuseweretsa makiyi. Nkhope yake sinali ya munthu wogonja. "Amalume, mwaiwala kapena? Auzenitu aphunzitsi za foni ija."

Che Shamsudin anasintha nkhope. Anavula chisoti, anachiyang'ana mkati, n'kuchivalanso.

"Foni yanji, amalume?" anafunsa Raihana.

"Mwana wanga, ine kuno ndimangokusunga. Mwini mbumba ndi akulu anga, Che Bwanali, kumudzi. Tsiku la pa Warwick lija ndinapsa mtima kwambiri. Ndinawaimbira. Ndinati za mphunzitsi zija zatha, akabwera anthu a kwa Che Harun muwalandire."

"Ndipo anawalandira," anatero Harun. "Dzulo. Mphasa inayalidwa, mawu anaperekedwa. Basi ija, achemwali, sikuti mukukangokhala kumudzi ayi. Mukukakonzekera nika, ukwati wanu ndi ine. Nsalu ya buluu ija mwaisunga?"

"Ine sindinavomere!"

"Mukawauze Che Bwanali zimenezo. Munawamvapo atabweza mawu amene apereka pamaso pa anthu?"

A Maimuna anagwira pakamwa. Che Shamsudin anatulutsa foni m'thumba la mkanjo n'kuimba. Anayankhula mwachidule, motsitsa, mutu uli pansi ngati mwana. Kenaka anatambasula dzanja, foni ili pa chikhatho.

"Ine andikalipira kale. Ati mkulu salankhula pawiri. Aphunzitsi, mwati belu lizilira. Nayi foni."

Kasim anayang'ana Raihana. Mtsikanayo anapukuta misozi, anawongola mpango wake, n'kubwera kudzaima pambali pake, pamaso pa amalume ake, pamaso pa Harun ndi anthu onse odutsa pa geti.

"Lankhulani mokweza," anatero. "Akumbuyo kwenikweni amve."

Kasim anatenga foni, anaima mowongoka monga ankaphunzitsira ana, n'kupereka salamu. Anatchula dzina lake, la bambo ake ndi la mudzi wawo.

Kumbali inayo kunkangomveka mbuzi ikulira chapatali. Kenaka kunabwera mawu okalamba, osathamanga, ouma ngati chikuni.

"Ndakumva, mnyamata. Moni wako ndi wabwino. Koma mwana amene ukumufunayo ndinapereka kale, ndipo ine zokambirana pa foni sindichita. Ngati uli ndi mawu, ubwere udzawanene pabwalo langa, pamaso pa anthu amene ndinawalonjeza. Ufike iye asanafike. Akayamba kutsika basi ndi iyeyo, usadzavutike n'kubwera."

Foni inaduka.

Kasim anatembenuka. Pa khomo la holo panali pataima ahedi, manja atapinda, ndipo pambali pawo panali bambo uja anamenyetsa chitseko, atabwerera ndi anzake awiri. Ahedi anakodola Kasim ndi chala.

Harun anatsegula chitseko cha baki n'kumwetulira. "Pitani, aphunzitsi, akukuitanani," anatero. "Achemwali ndiwaperekeza ndine."